Malaya a mphete zachitsulo: zongopinda kapena zokhomera?

Wofuna kupanga malaya ankhondo a mphete zachitsulo ngati a ku Ulaya akale amasankha pakati pa njira ziwiri.

Yophweka ndi yongopinda waya n'kukumanitsa nsonga zake. Mapulayala awiri akwanira, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Vuto n'lakuti mphete yotere ikakokedwa mwamphamvu imayasama, ndiye opanga amagwiritsa ntchito waya wokhuthala, malayawo n'kumalemera kuposa enieni. Pasewero palibe angadandaule.

Koma umboni wakale uli kumbali inayo. Malaya omwe anapezeka ku Gjermundbu, m'dziko la Norway, mu 1943, a zaka za m'ma 900, ali ndi mizere yosinthana: wina wa mphete zokhomera, wina wa mphete zopanda msoko. Pokhomera, nsonga ziwiri amazisanjikiza, kuzipsinja kuti zipyapyale, kuziboola, kenako kulowetsamo kamsomali kochepa ngati kambewu ka mpunga. Mphete iliyonse imakola zinzake zinayi, ndipo mphetezo zimakhala masauzande ambiri. N'chifukwa chake ntchitoyi imadya miyezi, zala n'kuchita matuza.

Ine wondifunsa za malaya oonetsa kumalo osungirako zinthu zakale, ndimamuuza kuti akhomere basi.