Dublin, Cork, Galway kapena Limerick: mukakhale kuti?

Ku Ireland chimene chimavuta kupeza ndi chipinda, osati ntchito. Choncho musanasankhe mzinda, yambani mwaona mitengo ya lendi pa webusaiti yotsatsa nyumba ya Daft.ie.

Dublin ndiye likulu, ndipo lendi yake ndi yokwera kuposa kwina konse. Ubwino wake ndi woti mutha kukhala opanda galimoto: kuli mabasi, sitima yoyenda m'misewu ya Luas ndi sitima ya DART, zonse mumalipira ndi khadi lotchedwa Leap Card. Mtsinje wa Liffey unagawa mzindawu pawiri, ndipo a kumwera amadziona ngati apamwamba kuposa a kumpoto. Ngakhale manambala a madera amaulula: D1 ndi D7 ndi kumpoto, D4 ndi D6 kumwera.

Anthu a ku Cork salola zoti mzinda wawo ndi wachiwiri. Amati likulu lenileni ndi kwawo, ndipo m'bala ambiri amaitanitsa mowa wa Murphy's kapena Beamish m'malo mwa Guinness. Ntchito ziliko ndithu: Apple ili ku Hollyhill kuyambira 1980, ndipo Pfizer ili ku Ringaskiddy. Koma kulibe Luas, mabasi amachedwa, ndipo pakati pa mzinda pali pachilumba cha mtsinje wa Lee, pamene madzi anasefukira koopsa mu 2009. Chipinda chapansi m'dera limenelo, funsani kaye mbiri yake.

Galway ndi wokongola koma ndi wochepa, ndipo ophunzira apayunivesite amalimbirana zipinda ndi antchito a Medtronic ndi Boston Scientific. Mvula yochokera ku Atlantic siyipuma. Nyumba ikakhala ndi BER (muyezo wa mmene nyumba imasungira kutentha ndi mphamvu) yotsika ya F kapena G, yembekezani nkhungu m'makoma ndi bilu yaikulu yotenthetsera.

Limerick anthu amaunyoza chifukwa cha mbiri yakale ya zigawenga, koma kwa amene akungoyamba kumene ndi umene ndingasankhe. Lendi imatsikirako poyerekeza ndi Dublin, makampani a Regeneron ndi Analog Devices ali ku Raheen, ndipo bwalo la ndege la Shannon lili pafupi. Vuto ndi msewu wa N20 wopita ku Cork, umene mpaka pano ndi wopanikizana.

A ku Dublin amatcha anthu akumadera "culchie", iwo n'kubweza ndi "jackeen". Zambiri n'zoseka chabe, kupatula pa hurling, masewero a ku Ireland omenya kampira ndi ndodo: Limerick inatenga chikho cha All-Ireland kanayi motsatizana kuchokera 2020 mpaka 2023, ndipo amene anaiimitsa mu 2024 ndi Cork. Tsiku la masewero a awiriwa musavale chofiira ku Limerick, poti ndi mtundu wa timu ya Cork.