Bitcoin, Ethereum ndi Solana: amalemba kaundula ndani?

Blockchain iliyonse, monga ya Bitcoin, Ethereum kapena Solana, ndi kaundula wa ndalama za pa intaneti wosungidwa pa makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo kusiyana kwa mitundu yake kwagona pa funso lakuti ndani aloledwe kulemba tsamba lotsatira, komanso angataye chiyani atachita chinyengo.

Bitcoin, yomwe inayamba mu Januwale 2009, imadalira magetsi. Makina apadera amapikisana usana ndi usiku kusakasaka nambala yovomerezeka, ndipo pafupifupi mphindi 10 zilizonse wopambana amalemba block yatsopano, lomwe ndi tsamba lotsatira la kaundulayo, n'kulandira mabitcoin 3.125, womwe ndi mlingo wa mphotho kuyambira mu Epulo 2024. Njira imeneyi, yotchedwa proof of work, imayenda pang'onopang'ono, chifukwa pa sekondi imodzi pamangodutsa malipiro pafupifupi 7. Komabe wofuna kufufuta zomwe zalembedwa ayenera kukhala ndi mphamvu zoposa za makina ena onse pamodzi, pomwe munthu wamba angathe kutsimikiza yekha kaundula yense pa kompyuta ya m'nyumba. Kwa ine, mfundo yachiwiriyi ndiyo yofunika koposa.

Ethereum inabwera mu 2015 ndi cholinga chokulirapo, chakuti kaundulayo aziyendetsanso mapulogalamu otchedwa smart contract, omwe amasuntha okha ndalama mfundo zomwe anthu anagwirizana zikakwaniritsidwa. Pa 15 Seputembala 2022 inasiya mpikisano wa makina n'kutenga proof of stake: wotsimikiza, yemwe amalemba ndi kuvomereza mablock, amaika chikole cha maether (ndalama ya Ethereum) osachepera 32, ndipo akasainira mablock awiri otsutsana, gawo la chikolecho limalandidwa. Magetsi omwe inkadya anatsika ndi maperesenti oposa 99. Koma pulogalamu imakhala ndi zofooka, monga zinaonekera mu 2016 pomwe ndalama zinabedwa mu The DAO, thumba la ndalama za anthu ambiri lomwe linkayendetsedwa ndi smart contract. Ambiri anagwirizana zosintha malamulo kuti ndalamazo zibwezedwe, ndipo okana anatsalira pa kaundula wakale wosasinthidwa, wotchedwa Ethereum Classic.

Solana, ya mu 2020, inasankha liwiro, moti block imatuluka theka la sekondi lisanathe ndipo chindapusa chake ndi chochepa kwambiri. Vuto ndi lakuti wotsimikiza amafunika makina odula ndi intaneti yamphamvu, zomwe ambiri sangakwanitse. Mu Seputembala 2021 inaima maola pafupifupi 17 mpaka otsimikiza atamvana zoidzutsanso. Ndingaigwiritse ntchito pa malipiro ang'onoang'ono a kawirikawiri, koma chuma choti chikhale zaka ndingachisiye pa kaundula yemwe ndingathe kumuwerenga ndekha.