Udobadoba kapena ejenti wa laisensi?

Pa Kamuzu Road ku Salima kuno aliyense wa foni ya WhatsApp akuti ndi ejenti wa mapuloti, koma njira zilipo ziwiri.

Udobadoba: umayamba lero lomwe, mpamba ndi mayunitsi ndi ya kabaza basi.
Laisensi: sukulu kaye, monga Land Economy (maphunziro a za malo ndi nyumba) ku yunivesite ya MUBAS, kenako kukalembetsa, fizi osanena.

Dobadoba amadya msanga, koma puloti ya ku Senga Bay ikapezeka inagulitsidwa kawiri wogona kupolisi ndiwe, mwini wake foni wathimitsa kalekale.
Walaisensi amasainirana pepala, komishoni samuthawa nayo wamba, mabanki amamukhulupirira.

Ngati mukungosakira anthu nyumba za lendi, udobadoba ukukwanani. Koma malo a kunyanja a mamiliyoni aja, tapitani kusukulu achimwene.