Simfone ya Julie Giroux ya zithunzi za ku Japan: mmene ndikuimvera patatha miyezi

Papita miyezi yambiri chigulireni nyimbo ya Mayi Julie Giroux yotchedwa Bookmarks from Japan, ndipo popeza kutengeka kwa masiku oyamba kunazilala, ndikhoza tsopano kunena magawo amene apirira kumvetsera kobwerezabwereza ndi amene ayamba kusuluka. Mayiwa ndi a ku America, anabadwa mu 1961, ndipo anapeka simfone yawo yachinayiyi, nyimbo yaitali ya magawo angapo, mu 2013 kuti iziimbidwa ndi bandi ya zipangizo zouzira, ndiye kuti malipenga, zitoliro, ma clarinet, ma saxophone ndi ma tuba, mothandizidwa ndi ng'oma. Gwero lake linali timakadi 6 tosungira tsamba m'buku timene analandira ngati mphatso kuchokera kwa Ray Cramer, wotsogolera mabandi wodziwika bwino, ndi mkazi wake. Kakadi kalikonse kanali ndi chithunzi cha Hokusai kapena Hiroshige, akatswiri a zithunzi zodindidwa ndi matabwa osema, ndipo chithunzi chilichonse chinabala gawo limodzi la nyimboyi.

Gawo limene limagwira mtima msanga ndi lachitatu, la funde lalikulu la ku Kanagawa. Chithunzi cha Hokusai, chomwe chinatuluka cha m'ma 1831, chimaonetsa funde litadzuka pamwamba pa maboti atatu, opalasa atawerama, phiri la Fuji likuoneka laling'ono chapatali ngakhale kuti ndi lalitali mamita 3,776. Pachithunzipo funde silidzagwa mpaka kalekale, koma nyimbo ili ndi nthawi, choncho Mayi Giroux amalitsata kuyambira pomwe likubadwa mpaka litasweka. Poyamba zimenezi zimachititsa nthumanzi, koma munthu ukadziwa pomwe malipenga adzalowere, mphamvu yake imachepa, ndipo chimene chimandibwezabe ku gawoli ndi liwiro la zitoliro ndi ma clarinet zimene zimathamanga pansi pa phokosolo. Gawo lachinayi, la kachisi wa Senso-ji ku Asakusa mumzinda wa Tokyo, ladalira ng'oma zolira ngati taiko ya ku Japan, ndipo limakoma, koma ndi limene limatopetsa makutu msanga kuposa onse.

Limene lakula mumtima mwanga ndi lachisanu, la chipale chofewa ku Kambara. Hiroshige anajambula malowa cha m'ma 1833 pa mndandanda wake wa malo 53 opumulirapo apaulendo pa msewu wa Tokaido, womwe unkachoka ku Edo, kumene lero ndi ku Tokyo, kukafika ku Kyoto. Chithunzicho chili ndi mitundu yochepa kwambiri, pafupifupi yoyera, yotuwa ndi yakuda basi, ndipo pali anthu atatu akuyenda chowerama, awiri akukwera chitunda, mmodzi akulowera kwina ndi ndodo m'manja, ambulera atatsekera kumaso. Chodabwitsa n'chakuti Kambara ali m'mbali mwa nyanja, m'dera lofunda la Shizuoka komwe chipale chochuluka chonchi sichigwa kawirikawiri, moti akatswiri ambiri amati wojambulayo anangochiganizira. Mayi Giroux anachita chimodzimodzi ndi bandi yawo, pakuti anaitonthoza pafupifupi yonse n'kusiya chitoliro cha mawu otsika, alto flute, kuti chiziyenda chokha pang'onopang'ono, mpweya wa woimbayo ukumveka m'mbali mwa liwu lililonse. Kutontholetsa anthu ambirimbiri onyamula malipenga n'kovuta kuposa kuwaimbitsa mokweza, ndipo apa ndi pamene luso la wopekayu likuonekera. Ndikamamvetsera gawoli chithunzicho chili patsogolo panga, ndimapezabe kanthu katsopano, mwina kaphokoso kakang'ono ka chitsulo kumbuyo, mwina mpata umene wausiya pakati pa mawu awiri, zimene sindinganene za gawo la funde lija.

Magawo awiri oyambirira sanasinthe kwenikweni. La Fuji ndi khomo labwino lolowera, ndipo la Nihonbashi, mlatho umene msewu wa Tokaido unkayambira, lili ndi chipwirikiti cha pamsika chimene sichitopetsa chifukwa ndi chachifupi.

Chimene ndakhala ndikulimbana nacho ndi gawo lomaliza, la Hakone. Hiroshige anajambula phiri lamiyala lachiphedi pafupi ndi nyanja ya Ashi, gulu la apaulendo likudutsa m'kanjira kopanikizika moti zimangooneka ndi zipewa zawo, koma wopekayu anasankha kuganizira magalimoto a masiku ano amene amathamanga motsetsereka m'makona a misewu ya m'phirimo. Monga potsekera simfone, gawoli limagwira ntchito yake, ndipo ndikukhulupirira kuti m'holo anthu amawomba m'manja ataimirira. Komabe mpaka lero ndikuliona kuti latalikirana ndi chithunzi chake, makamaka pobwera pambuyo pa Kambara pomwe nyimbo ndi chithunzi zinagwirizana kotheratu.

Wofuna kuigula adziwe kuti iyi si nyimbo ya makolo a ku Japan, koma ndi mmene mlendo wokonda dzikolo analionera kudzera m'zithunzi, ndipo iyenera kuweruzidwa motero. Adziwenso kuti sipika ya foni imaiwononga, chifukwa ma tuba ndi ng'oma zazikulu zimasowa, chitoliro cha ku Kambara n'kumamveka chopyapyala. Pamafunika mahedifoni abwino kapena sipika yotulutsa mawu a pansi. Ndikulangiza kuti aimvetsere yonse mwa dongosolo lake, osadumpha magawo, zithunzi zonse 6 atazitsegula pafupi, popeza malo ambiri osungira zinthu zakale anaziika pa intaneti kwaulere.