FreeStyle Libre 2 pa mphaka wa matenda a shuga: pomwe imathandiza ndi pomwe imanamiza

Kachipangizoka, sensa yomata pakhungu yoyeza shuga m'thupi, kampani ya Abbott inakapangira anthu, osati ziweto, komabe madokotala a ziweto ambiri akukamata pa amphaka amene akubayidwa insulini, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mphaka akangofika kuchipatala amachita mantha, ndipo mantha okhawo amakweza shuga m'magazi, moti muyeso wa tsiku limenelo sukuuzani bwinobwino mmene insulini ikugwirira ntchito. Kunyumba nakonso, kubaya khutu la mphaka maola 2 aliwonse kwa tsiku lathunthu kumatopetsa mphaka ndi mwini wake yemwe. Sensa ya Libre 2 imayeza yokha usana ndi usiku, mphaka ali phee pamalo pake.

Ndi kambale koyera, kotambalala mamilimita 35, kochindikala mamilimita 5, kokhala ndi kaulusi kofewa kolowa pansi pa khungu. Sikayeza magazi enieni koma madzi a pakati pa maselo, n'chifukwa chake nambala yake imatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo shuga akamakwera kapena kutsika mofulumira. Mukakayatsa ndi foni kamadikira mphindi 60 kasanayambe kuwerenga. Kamawerenga kuyambira 2.2 kufika 27.8 mmol/L, pansi pa apo kamalemba LO, pamwamba pake HI. Ngati dokotala wanu amalankhula mu mg/dL, chulukitsani nambala ya mmol/L ndi 18. Kamasunga miyeso ya maola 8 okha, ndiye foni ikapanda kukawerenga m'nthawi imeneyo, pa mzere wa miyeso umene umaoneka pa foni pamatsala mpata.

Kamatidwe ndiko kamene kamagamula kuti sensa ikhala masiku angati. Ulendo woyamba ndi bwino akamate dokotala inu mukuyang'ana. Amameta ubweya pambali pa khosi chakumtunda kapena pambali pa chifuwa kuseri kwa phewa, malo okulirapo pang'ono kuposa kambaleko. Amapukuta ndi sipiriti n'kudikira kuti paume gwa, chifukwa khungu lonyowa silola guluu kugwira. Ambiri amadontheza timadontho tochepa ta guluu wa pakhungu m'mphepete mwa chomatira, kutali ndi kaulusi ndi kabowo kapakati. Guluu wochuluka ndi vuto: amatupitsa khungu ndipo tsiku lochotsa mphaka amamva ululu. Pa mphaka wowonda, amene shuga wamudya kale mnofu, musadinikize mwamphamvu pa nthiti. Khungu lake n'lopyapyala ndipo kaulusi kakhoza kupindika kapena kulowa mu mnofu. Jakisoni wa insulini azibayidwa patali ndi sensa, masentimita osachepera 2.5, makamaka mbali ina ya thupi.

Pa bokosi analemba masiku 14. Amenewo ndi masiku a pa mkono wa munthu. Mphaka amadzikanda ndi mwendo wakumbuyo, amadzikhula pa mipando, amalowa m'malo opanikiza, ndipo kawirikawiri sensa imagwa kapena kusiya kuwerenga nthawiyo isanakwane. Kamalaya kofewa kophimba chifuwa kamathandiza kwa amphaka amene amakalola. Sensa ikazuka singabwezeretsedwe, muyenera kugula ina. Apa ndi pamene katunduyu amapweteka m'thumba, ndipo sitikuona chifukwa chomuveka mphaka sensa chaka chonse. Phindu lake lenileni lili pa nthawi zitatu: poyamba insulini, posintha mlingo, ndi pamene mukukayikira kuti shuga akutsika kwambiri usiku.

Chimene sensa imaonetsa bwino kuposa njira ina iliyonse ndi pamene shuga amafika potsikitsitsa pakati pa jakisoni awiri. Amphaka ambiri amabayidwa kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12, ndipo nthawi zambiri amayamba ndi yuniti 1 pa jakisoni aliyense. Nambala ya m'mawa musanabaye ikhoza kukhala 18, inu n'kuganiza kuti mlingo ndi wochepa, pamene masana shuga anatsika kufika 3.5 kenako n'kukweranso. Mukawonjezera insulini poona 18 yekhayo, mwaika mphaka pangozi. Madokotala ambiri amafuna kuti potsikitsitsapo pakhale pakati pa 4.5 ndi 8 mmol/L, ndipo tsiku lonse shuga asapitirire kwambiri 14, chifukwa chapamenepo ndi pamene amayamba kutayikira mu mkodzo, mphaka n'kumamwa madzi ndi kukodza mosalekeza.

Koma kuona nambala nthawi iliyonse kuli ndi msampha wake. Munthu amayamba kusintha mlingo tsiku ndi tsiku, lero wawonjezera theka la yuniti, mawa wachotsa. Thupi la mphaka limafuna masiku 5 mpaka 7 kuti lizolowere mlingo watsopano, ndipo ngakhale pa mlingo womwewo mzere wa lero sufanana ndi wa mawa. Yang'anani masiku angapo pamodzi, tumizani kwa dokotala kudzera pa LibreView, pulogalamu ya pa intaneti yotumizira miyeso ya sensa, mugwirizane. Kuchepetsa ndiko kokha kumene sikudikira: shuga akatsika kwenikweni pansi pa 4, lankhulani ndi dokotala musanabaye jakisoni wotsatira. Amphaka ena amasiya kufuna insulini patapita milungu kapena miyezi, makamaka akayamba kudya chakudya chonyowa chochepa sitalichi, ndipo mlingo umene unali woyenera mwezi watha umasanduka wochuluka. Sensa imagwira kusinthaku msanga.

Pomwe imanamiza ndi pa nambala zotsika. Tsiku loyamba miyeso imakhala yosakhazikika. Mphaka akagonera mbali ya sensa kwa nthawi yaitali, nambala ikhoza kugwa mwadzidzidzi n'kubwerera akangodzuka. Mphaka wosowa madzi m'thupi nayenso sawerengeka bwino. N'chifukwa chake Libre siilowa m'malo mwa makina oyezera dontho la magazi. Khalani nawo pafupi, makamaka opangidwira ziweto monga AlphaTrak, popeza makina a anthu amakonda kuonetsa nambala yotsikirapo pa magazi a mphaka. Sensa ikaonetsa LO koma mphaka akuyenda bwino ndi kudya, bayani m'mphepete mwa khutu mutsimikize. Akakhala wofooka, akudzandira, akunjenjemera kapena akuyang'ana mwakakasi, musataye nthawi ndi kuyeza: ngati akumeza mpatseni chakudya, ngati sakutha pakani uchi pa nkhama zake, osamuthira zamadzi kukhosi, ndipo thamangani naye kuchipatala. Belu lochenjeza za shuga wotsika limalira pokhapokha foni ili pafupi ndi mphaka, mamita 6 kapena kuchepera, ndiye usiku igone chipinda chimene iye amagona.

Pamwamba nayo ili ndi malire. HI ya pa 28 ndi HI ya pa 35 zimaoneka chimodzimodzi, ndipo sensa sidziwa za makitoni, asidi oopsa amene amachuluka m'magazi insulini ikaperewera. Mphaka amene akuonetsa HI, wasiya kudya, akusanza kapena wangoti zii, ayezedwe makitoni mu mkodzo kapena m'magazi ndipo aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo.

Mzere ukakhala wosamveka, musanaimbe mlandu sensa yang'anani sirinji. Mwa mitundu ya insulini, ProZinc ndi Caninsulin zili ndi mayuniti 40 pa mililita, Lantus ili ndi 100. Mukakoka Lantus ndi sirinji ya U-40, yopangidwira insulini ya mayuniti 40 pa mililita, mpaka pa mzere wa 2, mwabaya mayuniti 5. Mukakoka ProZinc ndi sirinji ya U-100, mphaka walandira zochepa kwambiri. Insulini yozizira mpaka kuuma m'firiji kapena yosiyidwa padzuwa yatha mphamvu. Ndipo ngati mwabaya n'kupeza ubweya wanyowa, musabwereze jakisoni. Simudziwa kuti yalowa yochuluka bwanji, dikirani nthawi yotsatira.

Pochotsa sensa, nyowetsani m'mphepete ndi mafuta a ana kapena mankhwala osungunula chomatira, mudikire pang'ono, n'kumatula pang'onopang'ono uku mukugwira khungu ndi chala. Pamakhala pofiira masiku angapo, ndipo ubweya umachedwa kumera. Sensa yotsatira imatidwe mbali inayo, ndipo ngati pakutuluka mafinya kapena mphaka sakusiya kupakanda, dokotala apaone musanamate ina.