Ndemanga ya Player's Handbook ya 2024: a lupanga akondwa, koma Ranger ndiye mmm

Ndikulipatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo yapita chifukwa cha Ranger komanso nkhani ya mwana wa mlimi, ndifotokoza pansipa.

Bukuli ndi la gemu ya Dungeons & Dragons, lija linatuluka mu September 2024, masamba 384, chikuto cholimba, mukaliyika mchikwama phewa limadziwa kuti mwanyamula kanthu. Mtengo wake ndi madola 49.99, ndiye kuti ndalama za kuno zikupitirira 3,000 meticais musanawerengere mayendedwe. Lathu linabwera ndi alamu anga oyendetsa thiraki kuchokera ku Johannesburg, analisiya ku Tete kenako linakwera chapa mpaka kuno ku Ulongwe. Tinachita kusonkherana gulu lonse ndipo inunso ndikukulangizani zomwezo, buku limodzi likukwana tebulo lonse. Mudziwiretu kuti mulibe madado mkatimo, mugule padera, ndipo zilombo zilimo zochepa chabe kumapeto, zambiri zili mu Monster Manual yomwe inatuluka mu February 2025, ndalama inanso imeneyo.

Kwa amene simunaseweleko, munthu mmodzi amafotokoza nkhani, ife timamutcha mestre poti tinaphunzira pa mavidiyo a ku Brazil, ena nonse aliyense amakhala ndi munthu wake mnkhanimo nkumusankhira class, ndiye kuti ntchito yake, monga Fighter wa lupanga, Wizard wa matsenga kapena Ranger mlenje wa mtchire. Ukafuna kuchita chinthu chovuta umaponya dado la mbali 20, kuphatikiza ndi manambala a pa pepala lako, ikakwana nambala imene mestre akufuna basi zatheka. Anayiyambitsa Gary Gygax ndi Dave Arneson mu 1974 ku America. Ife tinkasewera ndi malamulo a 2014, ndiye ndikuyerekeza ndi amenewo.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi Weapon Mastery. Mphwanga amasewera Fighter, ndipo kale ikafika nthawi yake zinali zomvetsa chisoni abale, amangoti "ndikumenya", kuponya dado, kutchula nambala, basi wabwerera pa WhatsApp, pamene wa Wizard akutsegula masamba uku ndi uku kusankha choti achite kwa mphindi zisanu. Pano chida chilichonse chili ndi kaluso kake, zilipo 8 zonse pamodzi, ndipo Fighter amayamba ndi zida zitatu zoti wazidziwa bwino pa levulo 1, msinkhu woyambira. Chinyundo chachikulu chija chili ndi Topple, ukamenya mdani iyeyo amaponya dado la Constitution, kulimba kwa thupi, akalephera wagwa chagada. Chilupanga cha manja awiri chili ndi Graze, ngakhale uphonye umamukalabe pang'ono. Loweruka lina mestre anatiyikira chimphona pa mlatho wopapatiza, chitsekerero cha botolo chachikulu pakati pa pepala poti tilibe tizidole togula, mphwanga anangoti "ndisiyireni ameneyu", kuchimenya ndi nyundo, mestre kuponya dado likubwera 3, chimphona khu pansi. Wa Rogue, katswiri wozembera, amene anali pambali pomwepo, poti mdani ali pansi anapeza mwayi woponya madado awiri nkusankha lalikulu, Sneak Attack yake, kumenya kobisalira kowonjezera madado, nkulowa, ndipo mphwanga anadzuka ndi chimwemwe mpaka kugunda tebulo ndi bondo, zitsekerero ndi nyemba zonse mbwee pansi, tinachita kukangana kuti ndani anali pati kkkk. Foni sanayigwirenso tsiku limenelo.

Koma zimachedwetsa, ichi ndisabise. Topple iliyonse ndi dado lina loti mestre aponye, kenako akumbukire kuti uyu anamumenya ndi Sap avutika kulasa, uyo ndi Slow liwiro lake latsika, winayo ali ndi Vex womumenya uja amulasanso mosavuta. Ife tikumayika njere ya chimanga pa chitsekerero cha amene wakhudzidwa, apo bii timaiwala.

Ndiye funso limene timakanganirana mpaka tiyi kuzizira ndi loti kodi zimenezi zafananitsa anthu a lupanga ndi a matsenga? Mnzathu wina, aphunzitsi a masamu ku sekondale, amati ayi ndipo amabwera ndi manambala. Pa levulo 5 Fighter amamenya kawiri, kumenya kulikonse madado awiri a mbali 6 kuphatikiza mphamvu zake, pa mdani mmodzi kapena awiri. Pa levulo yomweyo Wizard amapeza Fireball, mpira wa moto wophulika, madado 8 a mbali 6, pakatikati pake 28, kwa aliyense amene ali mkati mwa mamita 6 kuchokera pamene yaphulikira. Nkhondo ikatha Wizard yemweyo amatha kuuluka kapena kusaoneka, pamene Fighter akuyang'ana khoma kuti akwera bwanji. Aphunzitsiwo sakunama, ndipo bukuli silinathetse zimenezo, Tactical Mind ija anamupatsa Fighter pa levulo 2, yowonjezera dado la mbali 10 akalephera chinthu chosakhala cha nkhondo, ikuthandiza koma ndi pang'ono.

Pamene ndimasiyana nawo ndi poti vuto lalikulu lili pa mmene ifeyo timasewelera. Wizard wa levulo 5 ali ndi mipata iwiri yokha yoponyera ma spell, matsenga akewo, a msinkhu wa Fireball, akapumula ola limodzi atha kubwezako umodzi, kenako basi mpaka agone usiku wonse. Malamulowa anawapanga poganiza kuti tsiku limodzi la mnkhani mukhala ndewu zingapo, mpaka wa matsenga ayambe kuumira. Ife timakumana Loweruka masana maola ochepa, ndewu imodzi kapena ziwiri, ikangotha wina amati "tigone kaye", mestre nkuvomera, mmawa Wizard wadzaza kale. Ndiye muzidabwa chani? Titagwirizana kuti kugona kobwezeretsa mphamvu kuzichitika pamudzi kapena malo otetezeka basi, osati mtchire kapena mphanga, zinthu zinasintha tsiku lomwelo, wa Wizard anayamba kufunsa kaye ngati mdaniyo ndi woyeneradi Fireball, nthawi zina kumabisala kumbuyo kwa mphwanga ndi dado lake la moyo la mbali 6 lija. Aphunzitsi amati ngati mwachita kusintha lamulo ndiye kuti lamulolo linali lopindika. Mwina. Ine ndimati mestre ntchito yake ndi imeneyo.

Za Paladin, msilikali wopatulika amene alamu amasewera, ndili mbali ya buku ngakhale alamu anga sakundilankhula bwino chifukwa cha zimenezi. Kale Divine Smite, mphamvu yowonjezera madado pa kumenya, umatha kuyithira pa kumenya kulikonse, kawiri katatu nthawi imodzi, bwana wa adani amene mestre wamukonza sabata yonse nkufa asanatsegule pakamwa. Pano ndi spell, imadya bonus action, kochita kowonjezera kamene umaloledwa kamodzi kokha, ndiye kamodzi basi pa nthawi yako. Alamu akuti "mwandithyola dzanja inu". Ndinawauza kuti alamu dzanja lilipo, mwangosiya kudya nokha. Monk, womenya ndi manja, naye amukonza bwino, dado lake likuyambira pa mbali 6 osati 4, ndipo sakuthanso mphamvu msanga ngati kale. Mankhwala ochiritsa aja kumwa ndi bonus action tsopano, palibe anadandaula.

Tsopano Ranger. Aaa. Achemwali anga ndi amene amasewera ameneyu ndipo ndimawamvera chisoni. Class yonse ayimangirira pa spell imodzi, Hunter's Mark, yowonjezera dado la mbali 6 ukamenya mdani amene wamusankha. Amakupatsa kuyiponya ulere kangapo, chabwino, koma imafuna concentration, ndipo lamulo ndi loti sungagwire ma spell awiri otero nthawi imodzi. Ndiye achemwali akafuna Spike Growth yomeretsa minga pansi, kapena Pass without Trace yoti gulu lonse lizembe mwakachetechete, ayenera kutaya Hunter's Mark, ndipo akatero maluso ena a class yawo a kutsogoloko amangokhala osagwira ntchito. Chondipweteka kwambiri ndi mphatso ya levulo 20, pamapeto penipeni pa ulendo, dado lija limachoka pa mbali 6 kufika pa mbali 10. Kuwerengera bwino ndi 2 yekha wowonjezera pa kumenya kulikonse, pamene Wizard anapeza kale Wish, spell yopempha pafupifupi chilichonse, pa levulo 17. Zili ngati wagula matumba khumi a mbatatesi pa msika, wogulitsa nkukupatsa basela wa mbatatesi ziwiri.

Ina ndi ya Background. Manambala owonjezera pa mphamvu, nzeru ndi zina zotero kale ankachokera ku mtundu wa munthu wako, kaya ndi elf kaya dwarf, pano akuchokera ku ntchito imene ankagwira asanayambe ulendo, zilipo 16. Ganizo lake ndi labwino ndithu. Koma mnyamata wina watsopano pa gulu lathu, wa ku Domwe, anafuna kupanga mwana wa mlimi amene anadziphunzitsa yekha kuwerenga mabuku a matsenga usiku akaweruka kumunda, nkhani yokoma kwabasi, tonse tinayikonda. Kutsegula pa Farmer tikupeza Strength, Constitution ndi Wisdom basi, Intelligence, nzeru za mmabuku zimene Wizard amadalira, mulibe. Akafuna imeneyo akhale Sage, Scribe, Noble, Merchant kapena ena otero. Kunena zimenezo kuno ku Angónia kumene pafupifupi tonse pa tebulopo tinaphunzira ndi ndalama za fodya, chimanga ndi mbatatesi, mnyamatayo anangoseka nkuti "ndiye kuti kwawoko alimi alibe nzeru eti?" Mestre anamulola kusuntha manambala mmene akufunira, ndipo Dungeon Master's Guide imaloladi kupanga Background yakoyako, koma limenelo ndi buku lina la mestre, wogula ili lokha saziona.

Zoti class iliyonse mwa 12 izisankha nthambi yake pa levulo 3 zathandiza atsopano, sakusokonezeka tsiku loyamba, ngakhale wa Warlock, amene matsenga ake amachokera ku pangano ndi chamoyo china champhamvu, amadandaula kuti akhala bwanji ma levulo awiri osadziwa amene anapangana naye.

Lathuli ndi la Chingelezi, ndipo ambirife kusukulu tinaphunzira Chipwitikizi, ndiye amawerenga ndi mnzathu amene anakulira ku Dedza enafe nkumamvera. Chothandiza ndi mndandanda wa malamulo umene auyika kumapeto motsata alifabeti, mkangano ukabuka umatha msanga kusiyana ndi buku lakale lija lomwe umasaka mpaka kutopa. Miyeso yonse ili mu mafiti, ife timangoti bokosi limodzi pa pepala ndi mita imodzi ndi theka. Ngati ndalama zavuta yambani ndi SRD 5.2, malamulo aulere amene anawatulutsa mu April 2025, ma class onse alimo koma nthambi imodzi imodzi, mamega ochepa akwana. Ndipo ngati mukusewelera pakhonde, afotokozereni akuluakulu a pakhomo zisanafike patali, amayi athu ataona madado anayesa juga, atamvanso wina akukuwa kuti "ndikumuponyera moto" anatuluka ndi nkhope ina, mpaka anakhala pansi nkumvetsera ola lathunthu ndi pamene anakhutira kuti ndi nthano chabe.

Loweruka likubwerali tikuvota zochotsa concentration pa Hunter's Mark kuyambira levulo 5. Achemwali ali ndi mavoti atatu kale, aphunzitsi akuti abwera ndi manambala, ndipo alamu anenetsa kuti voti yawo ikupita kwa aliyense amene awabwezere Smite yawo yakale.