Kuonera Joe Cada pa PokerGO

Ndinalembetsa PokerGO, tsamba la pa intaneti lolipira loonetsa masewera a makadi otchedwa poker, kuti ndionere mipikisano yakale ya World Series of Poker, ndipo mpikisano waukulu (Main Event) wa 2009 ndi umene wandigwira mtima. Chaka chimenecho anthu 6,494 analipira madola 10,000 aliyense ku Las Vegas, koma amene anatsala yekha anali Joe Cada wa ku Michigan, mnyamata wa zaka 21 zokha. Anatenga madola oposa 8.5 miliyoni.

Chimene ndimakondera mavidiyowa n'chakuti makadi a wosewera aliyense amaoneka, pambali pake n'kulembedwa mwayi wake wopambana. Ndiye umaona bwinobwino pamene Cada anaponya ma chip ake onse (tizinthu toimira ndalama pobetcha) ali ndi ma 2 awiri, Antoine Saout atagwira ma Queen awiri. Mwa masamu, Cada anali wopita. Kenako 2 wina n'kugwa patebulo! Ndinabwezera kanemayo kuti ndione nkhope ya Saout, ndipo ndinamumvera chisoni kwambiri. Pomaliza Cada anagonjetsa Darvin Moon, bambo wodula mitengo wa ku Maryland, ndi ma 9 awiri.

Ena amati unali mwayi chabe. Ine ndikukana, chifukwa mu 2018 anafikanso patebulo lomaliza n'kuthera pa nambala 5.

Amene mukufuna maphunziro a kaseweredwe, mavidiyo akalewa amadumpha zigawo zambiri zing'onozing'ono za masewerawo, choncho sankhani masewera oulutsidwa pompopompo. Koma kwa ofuna kuona mmene wachinyamata amalimbira mtima pakati pa akuluakulu, ndalama yanu sipita pachabe.